Chilengezo: Dipoziti ya nyumba banja likatha

Abale ndi alongo a m'gulu lathu kuno ku Johannesburg,

Pamsonkhano wa Loweruka likubwerali tidzakambirana za dipoziti ya nyumba ya lendi banja likatha. Mlongo wathu wina anachoka panyumba ndi ana ndi chikwama cha zovala basi, dipoziti yonse n'kupita kwa bambo chifukwa pa lizi (pangano la lendi) panali dzina lawo lokha. Zatiwawa kwambiri.

Landilodi amabweza ndalama kwa amene anasaina lizi. Koma ngati ukwati wanu unali wa chuma chophatikiza, ndalamayo ndi ya nonse, choncho ilembedwe m'pangano la chisudzulo. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati nyumba ikakhala yosawonongeka, dipoziti ibwezedwe ndi chiwongoladzanja chake m'masiku 7 lizi ikatha. Landilodi akamazemba, kukadandaula ku Gauteng Rental Housing Tribunal, bwalo lomva madandaulo a nyumba za lendi, n'kwaulere.

Chonde mubwere ndi lizi ndi malisiti anu.