Mmisiri akaononga ntchito, kuthamangira ku polisi sikuthandiza

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndinenepo za nkhani yomwe ikudanitsa anthu m'mapuloti mwathumu, ya eni nyumba ndi amisiri pa ndalama ya balansi. Ine ndimayang'anira nyumba ya achimwene anga omwe ali ku Joni, iwo amangotumiza ndalama pa Mukuru koma wopsa ndi dzuwa kuno ku Area 25 ndine, ndiye zomwe ndikunenazi si zongomva pa minibasi ayi.

Tinagwirizana ndi mmisiri wina kuti apange pulasitala ndi fulo nyumba yonse, tinkamulipira pang'onopang'ono mpaka panatsala K400,000 yoti alandire akamaliza. Atati wamaliza ndinapita kukaona. Kuchipinda chachikulu ndikagogoda khoma ndi kiyi limalira ngati ng'oma, kusonyeza kuti pulasitala sanagwire njerwa, kukanda ndi msomali mchenga kumangoyoyoka waa pansi. Kubafa nde kunandithera mawu, ndinathira ndowa ya madzi pansi, m'malo molowera ku paipi madzi onse anayamba ulendo wa ku khomo mpaka kukolido. Nditamufunsa akuti "mayi, vuto ndi mchenga, unali wadothi." Eti mchenga womwe anakasankha yekha n'kukwera nawo pa lole!

Achimwene atangoona mavidiyo pa WhatsApp anapsa mtima, akuti usamupatse ngakhale tambala, kamumangitse basi. Mmisiri naye anabwera ndi anyamata ake kudzakhala pageti kuyambira m'mawa, akuti tikapanda kulipira azula mafelemu a mawindo akagulitse. Anthu ambiri zikafika apa amathamangira ku polisi, koma a polisi amakuuzani poyera kuti kusagwirizana pa malipiro ndi nkhani ya sivo, ya ku khothi, iwo amalowererapo pokhapokha wina akaba, akamenya mnzake kapena akaononga katundu. Ndiye mumangotha ndalama ya kabaza, pulasitala ali chiyoyokere.

Chomwe chinatithandiza ife ndi ichi. Ndinaitana mmisiri wina wachikulire yemwe sadziwana ndi mbali iliyonse, ndinamulipira ya tsiku lake kuti angoona ntchito, osati kumulonjeza kuti akapeza zolakwika ntchitoyo ikhala yake, chifukwa mukatero aaa apeza zolakwika ngakhale pa malata. Ndinapemphanso amfumu a mu buloko mwathu kuti akhalepo, mmisiri wathu uja nayenso alipo. Tinayenda chipinda ndi chipinda, madala aja akugogoda, akuika levulo, pomwe paonongeka akulemba X ndi khala pakhoma. Zinapezeka kuti zoonongeka ndi zipinda ziwiri ndi bafa, kwina konse kunali bwinobwino. Anati zinthu ziwiri zinachitika, simenti inachepa chifukwa thumba limodzi la 50kg ankalithirira mawilibala a mchenga mopyola muyezo, komanso makomawo sanathiriridwe madzi. Simenti imafuna kuthiriridwa kwa masiku osachepera 7 ndipo konkireti imafika mphamvu yake yeniyeni pa masiku 28, ukaisiya pa dzuwa la Okutobala imauma msanga isanagwire, kenako ndi ming'alu imeneyo. Mmisiri wathu anayesa kukana koma pamaso pa mnzake wa ntchito yomweyo mawu anachepa, anangoti "zamveka madala."

Apa ndi pomwe ndinasiyana maganizo ndi achimwene. Munthu wagwira bwino mbali yaikulu ya nyumba, kumumana balansi yonse ndi kuba kumenekonso. Komanso pa ndalama ija pali ya anyamata okanda simenti ndi amayi otunga madzi, omwe sanalakwe kanthu ndipo akudikira ndalama yogulira ufa madzulo omwewo. Tinalemba pepala, iye agumule ndi kukonzanso malo onse a X popanda leba ina, simenti yowonjezera ichotsedwe pa balansi yake, ya anyamata ndinawatumizira aliyense pa Mpamba ndi Airtel Money pompo amfumu akuona, ndipo K100,000 ikhale kwa ine mpaka akonze, madala aja adzagogodenso. Tonse tinasaina, aliyense anajambula pepalalo pa foni. Achimwene anadandaula kuti ndafewa, ndinawauza kuti akafuna abwere adzakhale okha pageti ndi anyamata aja.

Zosunga kandalama kenazi si nkhanza, ndi momwe amachitira pa ntchito zikuluzikulu. Makontirakitala omanga masukulu ndi misewu sapatsidwa ndalama yonse tsiku lomaliza, pamatsala mwina 5 kapena 10 peresenti kwa miyezi ingapo kuti chikang'aluka abwere adzakonze. Koma ife a nyumba zathuzi timangogwirizana pakamwa pansi pa mtengo wa mango, palibe wanena kuti thumba limodzi mawilibala angati, wothirira madzi ndani, zikaonongeka wokonza ndani, ndiye pakutha pake aliyense amakumbukira zomukomera yekha.

Ndinenenso chilungamo, eni nyumba ena ndi akathyali. Alipo omwe ndalama zikawathera amayamba kufunafuna zifukwa, ati khoma lapendekeka, chonsecho ndi kuthawa ngongole chabe. Ena mumagwirizana mtengo wa leba lero, nyumba n'kuima chaka chathunthu kudikira ndalama, pobwerera mukufuna mmisiri agwire pa mtengo wakale womwewo ngati simunaone kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi ndipo chilichonse chinakwera. Munthu wofinyidwa chonchi amagwira ntchito mothamanga kuti akayambe ina, kapena matumba ena a simenti amatulukira kuseri. Sindikuikira kumbuyo wakuba, koma nanunso muziwerenga matumba opanda kanthu madzulo aliwonse.

Zikakanika kukambirana njira ilipo, ku khothi la majisitireti amamva milandu ya ndalama ngati imeneyi, ndipo amene alibe ya loya akhoza kukafunsa thandizo ku Legal Aid Bureau. Koma kumeneko safuna kulira, amafuna umboni, pepala lomwe munasainirana, mameseji a ndalama zomwe munatumiza, zithunzi za khoma musanaligumule. Mukathamangira kubweretsa mmisiri wina n'kukonza zonse musanajambule, mudzawaonetsa chani a khothi?

Pempho langa lipite ku bungwe loyang'anira zomangamanga lija tinkalidziwa kuti NCIC komanso makhonsolo athu. Amisiri omwe akumanga nyumba zambiri m'malokeshonimu si makampani olembetsedwa, ndi anthu oti chikwama cha zida pa njinga basi. Tikonzereni kapepala ka mgwirizano ka tsamba limodzi, ka m'Chichewa, kokhala ndi malo olemba mtengo, magawo a malipiro, muyezo wa simenti ndi ndalama yotsala podikira kukonza, kazipezeka kwa amfumu ndi m'mahadiweya momwe timagula simenti. Inunso Akonzi mukhoza kukasindikiza m'nyuzipepala yanuyi anthu azingodula ndi lezala.

Ndine wowerenga wanu,
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe