Kunjenjemera kwa bambo anga si mowa

A Mkonzi,

Ndipatseni danga ndidandaule pa zomwe zinachitikira bambo anga Lachiwiri lapitali pa banki ina, komwe amakatenga penshoni yawo ya uphunzitsi.

Bambo akudwala matenda a Parkinson. Dzanja lamanja limanjenjemera, ndipo zilembo zawo zinayamba kuchepa ngati nyerere. Atapatsidwa fomu, siginecha sinafanane ndi yakale ija. Mnyamata wa pa kauntala anawafunsa tsiku lobadwa, iwo nkukhala chete, akulifunafuna m'mutu. Mnyamatayo, mokweza mawu kuti mzere wonse umve, amvekere: "Madala, mwayamba kale kachasu m'mawa uno?" Anthu anaseka. Bambo anangobisa dzanja m'thumba la jekete, ndipo njira yonse yobwerera sanayankhule. Munthu amene sanalawepo mowa chibadwire, amene anaphunzitsa masamu mwina ndi makolo a mnyamata yemweyo!

Kodi mnyamatayu anaphunzitsidwa kuwerenga ndalama zokha, ulemu anausiya kunyumba? Bwana wake anali pomwepo, osatsegula pakamwa.

Matendawa si achilendo. Dokotala James Parkinson wa ku London anawafotokoza mu 1817. Maselo a mu ubongo opanga dopamine, mankhwala achilengedwe othandiza thupi kuyenda bwino, amafa pang'onopang'ono, choncho thupi limauma, munthu amayenda mokhwekhwereza mapazi, nkhope imaoneka ngati yokwiya. Chomwe ambiri sadziwa nchakuti maganizo nawonso amachedwa. Yankho bambo amakhala nalo, koma limafika mochedwa. Mukawapanikiza ndiye limathawiratu. Matenda akakula, ena amaona anthu omwe palibe.

Nkhaniyi sithera pa banki. Azakhali anga BP inawavutitsa zaka zambiri, kenaka sitiroko. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikatsekeka, mbali imene yasowa magaziyo imafa. Mwendo unachira, koma mutu ayi: amaika mphika pamoto nkuiwala, amadzuka usiku nkumayendayenda. Kumudzi mukudziwa dzina lomwe amapatsidwa agogo wopezeka panja usiku ali mbuu. Taiwala kale okalamba anayi aja omwe anaphedwa ku Neno mu 2016 powaganizira ufiti? Chikhalirecho lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Kafukufuku wa boma wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa nkomwe. Azakhali angati omwe akubwera m'mbuyomu?

A Unduna wa Zaumoyo, mumatiuza za kolera ndi malungo pa wailesi tsiku ndi tsiku, tiuzeninso za izi. Alangizi a zaumoyo aziyeza BP m'midzi, mafumu auzidwe kuti kuiwalaiwala ndi matenda. Ndipo inu a mabanki, lolani chidindo cha chala kwa odwala otere, muwapatse mpando ndi mphindi zisanu zoti aganize. Mnyamata uja akapepese kwa bambo anga.

Mwana wa mphunzitsi wopuma,
Zomba