Zikomo a gawo la mafizo a m'madzi, ndabwerera pamakina anga

Okondedwa akuluakulu a gawo la mafizo,

Ndine mayi uja wa ndodo amene ndimabwera Lachiwiri ndi Lachinayi kudzachita mafizo padziwe. Ndodoyo pano ili kuseri kwa chitseko, ndipo kalatayi ndikulemba nditakhala pamakina anga osokera, pamene kwa miyezi 8 sindinkatha kukhalapo ngakhale mphindi 10.

Tsiku loyamba ndinabwera nditakonzekeratu kubwezedwa, ndipo musandidabwe. Ululu unkayambira m'chiuno, kutsika ndi thako lakumanzere, kumbuyo kwa ntchafu mpaka kuphazi, ngati wina akukoka waya wamoto m'mwendomo. Kungoyetsemula kokha, misozi mbwembwembwe. Kumene ndinayambira kupita ndinkaima pamzere kuyambira 5 koloko m'mawa, kulowa dzuwa lili paliwombo, wondionayo osadzutsa n'komwe mutu. "Ndi nyamakazi imeneyo mayi, ukalamba." Basi, n'kulemba bulufeni m'kabuku. Ukalamba pa zaka 49? Kwina anandiuza kuti ndibwere mawa, mawa lakelo akuti wojambula kulibe, sabata yotsatira akuti pepala langa lasowa. Kwinanso ndinalipira ndalama zankhaninkhani n'kubayidwa jakisoni amene anangondipumitsa masiku atatu. Bulufeni ndi indosidi ndinamwa mpaka m'mimba munayamba kuwotcha. Achibale atasowa pogwira ananditengera kotemera mphini, zipsera zake zili pamsanapa mpaka lero. Mwa onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe amene anandigoneka pabedi n'kukweza mwendo wanga kuti aone pamene ululu ukuyambira.

Inu munatero tsiku loyamba lomwelo. Munandifunsanso ngati ndikumva dzanzi pakati pa miyendo, ngati mkodzo kapena chimbudzi zikundivuta, n'kundichenjeza kuti zikadzatero ndisadzadikire tsiku la mafizo koma ndidzathamangire kuchipatala nthawi yomweyo. Ndi kwanu kumene ndinamva koyamba dzina loti sciatica. Munandifotokozera kuti pali mtsempha waukulu kuposa yonse m'thupi, wochokera kumunsi kwa msana kukafika kuphazi, ndipo kakhushoni kokhala pakati pa mafupa a msana kakatuphukira kunja kamaupanikiza. Miyezi yonseyi ndinkangothowa mwendo, chikhalirecho vuto lili kumsana.

Za kulembetsa ndi mapepala sindikumbukanso bwino, zinangoyenda mwa myaa. Amene ndikufuna mumudziwe ndi mtsikana wanu wothandizira padziwe uja, wolankhula motsitsa mawu.

Ine ndinakulira ku Dedza, kumapiri. Kusambira sindidziwa ndipo madzi ofika m'chiuno ndimawaopa. Ndinenso mayi wa Mvano, kuyenda miyendo ili pamtunda pamaso pa abambo ndi chinthu chimene sindinachitepo. Ndinakhala pabenchi m'chipinda chosinthira zovala, nsapato zili kuphazi chifukwa kuwerama kunali kosatheka, mumtima ndikuti bola ndingobwerera kunyumba. Mwanayu analowa, anangondiyang'ana kamodzi, n'kugwada pasimenti yonyowa ija. "Amayi, lekani ndikuvuleni." Anamasula zingwe, kuvula nsapato ndi masokosi, n'kuziika pamwamba kuti zisanyowe. Anandiuza kuti tisheti ndi tayiti zimene ndinabweretsa n'zokwanira. Kenako anatenga chitenje changa, kuchitambasula ngati katani, n'kumayenda cham'mbali kundiphimba kuchokera pakhomo mpaka pamasitepe. Anachichotsa madzi atandifika m'chiuno, n'kuchipinda bwinobwino pampando. Potuluka ndinachipeza chotambasula kale m'manja mwake. Wakhala akuchita zimenezi ulendo uliwonse, ine osamupempha ngakhale tsiku limodzi.

M'madzimo anandigwira manja onse awiri, iye akuyenda chafutambuyo. "Musayang'ane madzi amayi, yang'anani ine." Madzi ake ndi ofunda, pafupifupi madigiri 34, ndipo atandifika pachifuwa ndinamva ngati wina wanditula mtolo wa nkhuni. Wamafizo wamkulu anandiuza kuti madzi akafika pamenepo miyendo imangonyamula gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa thupi, kapena kucheperapo. Ndinayenda kuchokera mbali ina kukafika mbali ina popanda ndodo, ndipo ndinalira. Mwanayu sanandifulumizitse, anangoima nane mpaka nditapukuta nkhope.

Zochita zake n'zosavuta: kuyenda kutsogolo, chambuyo ndi cham'mbali, kukweza bondo nditagwira chitsulo cha m'mphepete, kuyandama ndi chothandizira m'khwapa kuti msana umasuke. Sizidutsa mphindi 30, koma munthu umatuluka wotopa ndi waludzu, monga munandiuziratu. Ndikuyamikiranso kuti simunandilonjeze zozizwitsa. Munanena poyera kuti madziwo amangopereka mpata woti minofu ya pamimba ndi kumsana ilimbe ululu usakusokoneza, ndipo ntchito ina ndi ya kunyumba. Mafizo a pamkeka ndikuchita m'mawa uliwonse, ndipo pamakina ndimadzuka pakatha mphindi 30 zilizonse n'kuyendayenda. Dzanzi lakuphazi likadalipo pang'ono, koma usiku ndikugona.

Ndikanakonda ena aja amene amayankha wodwala maso ali pafoni akanabwera kudzaonera mwanayu kwa tsiku limodzi lokha. Iyeyu sanandipatse mankhwala, sanandifunse kuti ndine mbale wa ndani, ndipo kangachepe sanatchule n'komwe monga amachitira kwina.

Ndamusokera diresi ya chitenje, muyeso ndangoyerekeza ndi maso, ikakhala yothina ndidzakonza. Ndibwera nayo Lachinayi. Chonde muloleni alandire, ndipo mumuwerengere kalatayi anzake ali pomwepo.

Ine wanu wothokoza,
Mayi telala wa ku Ndirande