Kalata kwa Mtsogoleri wa Bungwe la American Poster Institute

Wolemekezeka Mtsogoleri,

Ndine mmodzi mwa anthu ojambula ndi kusindikiza maposita olengeza zoimbaimba. Ndimagwiritsa ntchito njira ya screen printing, yothira mtundu umodzi pa pepala, kudikira uume, kenaka wina pamwamba pake. Posita ya mitundu inayi ya makope 100 imatanthauza kukoka inki ka 400 ndi manja, osawerengera mapepala oonongeka.

Pakati pathu mkangano sukutha. Ena akuti bungwe n'losafunika, poti luso limeneli linakula popanda ofesi kapena komiti, ndipo malamulo angalizimitse moto. Mantha awo ndimawamvetsa, koma ine ndikuti bungwe likufunika, ndipo ndikupempha kuti lanulo lisenze katundu wolemera kuposa amene tikulidziwa naye.

Ambirife timakudziwani chifukwa cha Flatstock, chionetsero cha maposita chimene mumakonza. Chionetsero chimenechi chinayamba ku San Francisco mu 2002, chaka chotsatira chinafika ku chikondwerero cha zoimbaimba cha SXSW mu mzinda wa Austin, ndipo lero chimachitikanso ku Hamburg ndi ku Barcelona. Chinathandiza anthu kuona kuti posita ili ndi mwini wake, munthu wokhala ndi dzina ndi nkhope. Zimenezi tikuthokoza.

Koma vuto lathu lenileni limayamba chionetsero chisanafike, pa tsiku limene bandi kapena wokonza zoimbaimba watipatsa ntchito. Lamulo la ku America limati chithunzi ndi cha amene wachijambula, ndipo umwini wake sungasamuke popanda chikalata chosainidwa. Komabe dzina la bandi ndi chizindikiro chake ndi za bandiyo. Ndiye pepala limodzi lili ndi eni awiri. Wojambula sangagulitse makope ake popanda chilolezo cha bandi, nayonso bandi siyenera kuika chithunzicho pa malaya popanda chilolezo cha wojambula. Nanga wojambula asunge makope angati oti agulitse yekha? Ayambe liti kugulitsa? Makope akatha, ndani angalamule kuti asindikizenso? Kawirikawiri zonsezi zimangokambidwa pa foni kapena pa uthenga wa mizere iwiri.

Ineyo zinandionekera. Ndinajambulira bandi ina posita ya usiku umodzi, tinagwirizana pakamwa. Patapita miyezi ndinaona chithunzi changa pa malaya amene ankagulitsidwa pa ulendo wawo wonse. Nditafunsa, anandiyankha mwaulemu kuti ankaganiza kuti adagula zonse. Sindikhulupirira kuti anafuna kundibera. Panalibe pepala loti tonse tiwerenge.

Nkhaniyi ndi yakale. Wes Wilson, amene zilembo zake zopindikapindika zinatchukitsa maposita a ku Fillmore, holo ya zoimbaimba ya ku San Francisco, kuyambira mu 1966, anasiyana ndi Bill Graham, wokonza zoimbaimba pa holoyo, mu 1967 atasemphana pa nkhani ya ndalama. Padutsa zaka zoposa 50, koma wachinyamata amene akuyamba lero akulowabe m'dzenje lomwelo, ali yekha.

Choyamba chimene ndikupempha ndi chikalata cha mgwirizano chachifupi, cha tsamba limodzi, cholembedwa mothandizana ndi loya, chimene aliyense angachitenge pa intaneti kwaulere. Wojambula mmodzi akatumiza chikalata chake, amaoneka wovuta ndipo ntchito imapita kwa wina. Koma chikakhala ndi dzina la bungwe, ndipo mamanijala a mabandi akachiona kakhumi kuchokera kwa anthu osiyanasiyana, chimasanduka chizolowezi. Sindikunena kuti mutiikire mitengo, chifukwa ndikudziwa kuti malamulo a mpikisano pa malonda salola anthu odzilemba okha ntchito kupangana mtengo umodzi. Bungwe la Graphic Artists Guild limangofalitsa buku losonyeza mitengo imene anthu akulandira, ndipo ngakhale zimenezo zingatitsegule maso.

Chinanso ndi anthu okopera. Munthu amajambula posita yathu pa kompyuta, n'kumaigulitsa pa intaneti motchipa ngati yeniyeni. Kuyambira mu 2022 ku America kuli Copyright Claims Board, bwalo laling'ono la milandu ya umwini wa zaluso, kumene munthu angadandaule popanda kupita ku khoti lalikulu, pa milandu yosapitirira madola 30,000. Koma pamafunika kuti ntchitoyo ikhale italembetsedwa ku ofesi ya boma yoona za umwini wa zaluso, kapena pempho lolembetsa litaperekedwa, ndipo ambirife sitinalembetsepo chithunzi n'chimodzi chomwe. Ola limodzi pa Flatstock iliyonse, munthu wodziwa atakhala nafe pansi n'kutionetsa kadzazidwe ka mafomuwo, lingasinthe zambiri.

Ngati ntchito imeneyi ikufuna kuti chopereka cha umembala chikwere, tiuzeni poyera kuti ndi zingati ndiponso zipita kuti. Ine ndidzapereka, ndipo ndili wokonzeka kutumiza mauthenga a mgwirizano wanga wolephereka uja kwa amene adzalembe chikalatacho, kuti aone pamene panatsala mpata.

Ndine wanu,
Wojambula ndi kusindikiza maposita