Lipoti la Msonkhano wa Amisiri ndi Eni Malole ku Nkhotakota

A Wapampando, a komiti ndi amisiri anzanga a kuno ku Salima, ndabwerako kumsonkhano umene munandituma pa boma la Nkhotakota Loweruka lapitali. Kunafika owotcherera zitsulo, amakaniko, eni malole ndi maminibasi, madalaivala komanso anyamata okweza katundu ochokera ku Dwangwa, ku Benga ndi pa boma pomwepo. Tinakambirana za zitsulo zimene timawonjezera pa galimoto zamalonda, monga makaliyala, mafelemu a tenti, mbedza za zingwe ndi masitepe, ndipo mfundo yaikulu inali yakuti mmisiri asamadule chitsulo asanakhale pansi ndi anthu amene adzachigwiritse ntchito.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndinachiona ndili chagada pansi pa lole. Bambo wina anabweretsa galimoto yake ya matani 3 imene amanyamulira mpunga, ndipo titaunika ndi tochi tinapeza mng'alu wotalika ngati chala pa chasisi (zitsulo za pansi zimene zimanyamula galimoto yonse), pamalo enieniwo pamene mmisiri anawotcherera felemu ya bodi. Makaniko wina wachikulire anatifotokozera kuti chasisi anachipanga kuti chizipindika pang'ono galimoto ikamadutsa m'maenje italemedwa, koma moto wowotcherera umasintha kulimba kwa chitsulo, ndipo pamalo pamene pauma gwa ndi pamene mng'alu umayambira. Bodi iyenera kumangidwa ndi ma U-bolt (mabawuti opindika ngati chilembo cha U) kapena mabawuti wamba, ndipo ngati kuboola kuli kofunika, tiziboola pakhoma la m'mbali la chasisi, osati pamlomo wam'mwamba kapena wam'munsi. Ndinachita manyazi, chifukwa inenso ndakhala ndikuwotcherera pamenepo mwini galimoto akandifulumizitsa, ndipo ndikupempha kuti khalidwe limeneli tilisiye tonse.

Anyamata okweza katundu, amene nthawi zambiri sitiwafunsa kanthu, ndiwo analankhula zanzeru. Mmodzi anationetsa chipsera cha pamsongolo chimene anachipeza pa mbedza yotulukira kunja, nanena kuti mbedza zosongoka zimang'ambanso tenti ndi matumba a makilogalamu 50. Anapempha kuti mbedza zizilowa pansi pa bodi, nsonga zake zizikhala zosalala, ndiponso sitepe izikhala pamene phazi lingafike munthu ali ndi thumba pamutu.

Za makaliyala a minibasi sizinatenge nthawi: tonse tinavomereza kuti kaliyala wolemera amang'amba denga ndipo amapendeketsa galimoto pokhota, choncho mapaipi opepuka ndi abwino kuposa angle iron (chitsulo chopindika ngati chilembo cha L) yochindikala. Ogula nsomba ku Chia anadandaula za dzimbiri, popeza madzi a nsomba amaima pansi pa bodi mpaka kuboola, monganso amachitira feteleza. Tinagwirizana zosiya timabowo totulutsira madzi m'makona ndi kupaka red oxide, yoteteza ku dzimbiri, tisanapake penti.

Pa mtengo mpamene panali kukokanakokana. Eni galimoto ena anati mabawuti ndi penti ziwakwezera mtengo, ndipo adzapita kwa mmisiri wotchipa. Ine ndinayankha kuti lole yothyoka chasisi imaima masabata osagwira ntchito, ndipo ikhozanso kukanizidwa COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ikapita kukayezedwa ku Road Traffic. Si onse amene anakhutira, ndipo sindikubisirani kuti nkhaniyi idzatitsata kuno.

Pomaliza tinagwirizana kuti chipangizo chilichonse chizijambulidwa papepala ndi miyeso ya mamilimita, chojambulacho chizitumizidwa pa WhatsApp kwa amisiri a maboma onse awiri, kenako chipangidwe chimodzi choyesera chimene chiyende mwezi wathunthu pamsewu wa M5 dalaivala ndi wokweza katundu asananene zofunika kusintha. A ku Nkhotakota atenga felemu ya tenti, ife a ku Salima atipatsa mbedza ndi sitepe. Ine ndikuona kuti tipemphe aphunzitsi a ku Salima Technical College ku Senga Bay kuti aziona zojambulazi, popeza ambiri mwa ife tinaphunzirira ntchitoyi pamanja ndipo kujambula kumativuta.

A Wapampando, komiti isankhe amisiri awiri ojambula ndi mwini lole mmodzi wa pa Kamuzu Road amene angalole kuti tiyesere pa galimoto yake. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa msungichuma.