Ndani anakulolani kupaka laimu m'phanga la Akafula?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa zomwe gulu lina la mapemphero lachita m'phanga la paphiri lina kuno ku Salima. Phirilo sinditchula dzina, kuopa kuti mawa kungafikenso osaka chuma ndi makasu awo. A kuderali akudziwa pomwe ndikunena.

Abale athuwa anakwera kukasala kudya, ndipo palibe akuwaletsa. Koma ataona mizere ndi timikombero tofiira pathanthwe, anagamula okha kuti ndi za ziwanda. Anapaka laimu khoma lonse, n'kulembapo vesi ndi penti wabuluu, m'munsi mwake nambala ya foni ya abusa. Nambala ya foni, akonzi! Sanalekere pomwepo. Anasalaza pansi ndi makasu kuti pogwada pakhale pabwino, dothi lonse n'kulikankhira kuphompho. Kodi kumwamba pemphero silimveka mwala ukapanda kuyera?

Ine ndine mphunzitsi wopuma, zakalezi ndimangozikonda. Ndi ana a kalabu ya mbiri tinkapita kumeneko kukakopera zojambulazo m'makope, kuyeza phangalo ndi tepi, ndi kulemba pomwe taona mapale ndi timiyala toyera takuthwa tomwe alenje akale ankasema kuti apangire mivi ndi zodulira. Lamulo lathu linali limodzi: ona, lemba, usatole, usakumbe. Ana a Fomu 2 ankalimvetsa, akuluakulu a ndevu alephera. Dothi la m'phanga limasanjikizana, la pansi ndiye lakale, ndipo makala a pamoto wa anthu akalewo ndi omwe akatswiri amayeza kuti adziwe zaka. Ukalisokoneza ndi khasu, basi, ngakhale kubwere pulofesa wochokera ku Zomba sangalibwezeretse. Laimuyo mwina odziwa angamuchotse, koma dothi lija lapita.

Zojambula zofiirazi ndi za Akafula, amwandionerapati aja, omwe makolo athu anawapeza m'dziko muno. Pafupi pompa ku Dedza, mapanga a Chongoni ali ndi malo 127 a zojambula, ndipo UNESCO inawalandira kukhala chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Kuphiri la Hora ku Mzimba, komwe katswiri wa zakale Desmond Clark anafukula mu 1950, kunapezeka mafupa a anthu omwe anakhalako zaka zoposa 8,000 zapitazo. Ife a ku Salima zathu tazikankhira kuphompho kuti mawondo asamve kuwawa.

Lamulo lilipo, Monuments and Relics Act, ndipo sililola kukumba kapena kuwononga malo otere popanda chilolezo cha boma. Ndinakanena nkhaniyi ku ofesi ina, anandiyankha kuti galimoto ilibe mafuta. Mafuta a misonkhano ya ku Senga Bay ndiye sasowa. A Nduna oona za chikhalidwe, a Dipatimenti ya Museums and Monuments, mafumu athu, imvani: kodi lamuloli linalembedwera Dedza yokha?

Ndipotu vutoli si la opemphera okha. Oswa miyala amayatsa matayala pansi pa matanthwe kuti ang'ambike, osayang'ana n'komwe chomwe chili pamwalapo. Kusukulu mwana amaloweza za Akafula kuti akhoze mayeso, phanga lili kuseri kwa mudzi wake osalidziwa. Ku Nkhotakota aliyense angakulozereni mtengo womwe Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, poti panakhala mzungu. Pomwe panakhala eni dziko tikupakapo laimu.

Pempho langa n'lachidule. Boma litumize munthu adzaone phangali mvula isanakokolole dothi lotsalalo. Makope athu alipo, tipereka. Mafumu alengeze pamaliro ndi m'misonkhano kuti phanga la zojambula salikhudza, ndipo abusa aja, poti nambala anasiya okha, aimbiridwe foni adzafotokoze.

Mphunzitsi wopuma,
Salima