Mkazi woyankha ansembe m'nthano si mlendo kwathu kuno

A Mkonzi,

Ndemanga imene munasindikiza patsamba lanu la zolembalemba, yokhudza nthano ija ya mayi wamasiye amene anakana kupereka dengu la mapira kukachisi, yandiwawa kwambiri. Wolemba ndemangayo anathera ndime zake zonse pa dandaulo limodzi: akuti nthanoyo ikunyoza chipembedzo, akuti mkazi woyankha ansembe pabwalo ndi khalidwe la Azungu, ndipo kwathu kuno mkazi wotere kulibe. Za mmene nthanoyo yalukidwira, kaya ili bwino kaya yaphwasuka, sananenepo n'kamodzi komwe. Inu munaiwerenga ndemangayo musanaitulutse, ndipo munailola kudutsa.

Kulibe? Apite ku Msinja, m'mphepete mwa Dzalanyama m'boma la Lilongwe, akafunse za Makewana. Mayi ameneyu ndiye anali mwini kachisi wa mvula wa Achewa. Sankakwatiwa monga akazi ena, sankameta tsitsi poopa kudula mvula, ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa Matsano, ndipo mafumu ankamutumizira mphatso kudzapempha mvula. Tsang'oma, mwamuna woimba ng'oma ya Mbiriwiri, anali pansi pake. Apitenso ku Khulubvi ku Nsanje akamve za Salima, mkazi wa Mbona (mzimu wa mvula wa Amang'anja), amene uthenga wa kukachisi unkadzera mwa iye. Ngakhale Kalonga weniweniyo, mfumu yaikulu ya Amaravi, ufumu wake unkayenda m'mimba mwa Nyangu, mayi wobala mafumuwo. Zimenezi si zobisika. Samuel Nthara analemba mbiri ya Achewa m'Chichewa chomwechi, ndipo bambo Matthew Schoffeleers anathera zaka zambiri akufufuza za Mbona. Munthu wopatsidwa tsamba lonse m'nyuzipepala kuti aweruze nthano sayenera kulankhula ngati mbiri ya akazi ndi chipembedzo inayamba tsiku limene mamishonale anafika ku Cape Maclear mu 1875.

Akafuna mkazi amene analimbana maso ndi maso ndi atsogoleri a mpingo, aliponso. Kimpa Vita wa ku Kongo anatenthedwa wamoyo mu 1706, ali mtsikana wa zaka za m'ma 20, chifukwa cholalikira zosemphana ndi zimene ansembe a Katolika achikapuchini ankaphunzitsa. Pafupi pompa, ku Chinsali m'dziko la Zambia, Alice Lenshina anayamba kulalikira mu 1953, nasemphana ndi mishoni ya Lubwa, mpingo wake wa Lumpa n'kukokera anthu ochuluka zedi. Mu 1964 mpingowo unamenyana ndi boma, anthu oposa 700 anafa, ndipo iye anamwalira mu 1978 ali m'manja mwa boma ku Lusaka. Nkhani ya Lenshina si yoyera mbali imodzi, ndipo n'chifukwa chake ili chuma kwa mlembi.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti nthanoyo ili ndi zofooka zenizeni, zimene wolemba ndemanga wodziwa ntchito akanamuthandiza nazo mlembi wachinyamatayu. Nthano za dziko longopeka, zimene ena amazitcha fantasy, zili ndi malamulo ake, ndipo zikagwa zimagwera malo odziwika.

Choyamba ndi kachisi. M'nthanoyi ansembe onse ndi oipa, adyera, ndipo palibe chimene akudziwa. Ngati zili choncho, anthu a m'mudzi akuwaperekeranji mapira chaka ndi chaka? Chipembedzo cha m'nthano chiyenera kukhala ndi ntchito imene chikugwira. Mlembi adzifunse: ndani akusunga nkhokwe ya mbewu chilala chikagwa, ndani akulengeza tsiku lobzala, ndani akuika maliro, ndani akuweruza mlandu wa malire a munda? Ansembewo akakhala kuti anapulumutsa mudzi pa njala yapita, wowerenga amamvetsa chifukwa chake anansi a mayi uja akumuthawa, ndipo mantha ake amakhala ndi phata. Pakhale wansembe mmodzi wokhulupirira moona mtima, amene akumuletsa mayiyo chifukwa akuopadi kuti mvula ithawa. Ameneyo ndiye mdani woopsa, chifukwa sungamugule kapena kumuchititsa manyazi. Wansembe wamimba yaikulu woba nsembe usiku sachititsa wowerenga mantha, amangomuseketsa.

Kenako mphamvu ya mayiyo. Amamva mvula idakali kutali, chabwino. Koma akulipira chiyani? M'nthanoyi salipira kanthu, amangotseka maso n'kudziwa. Mphamvu yopanda mtengo imapha nthano, chifukwa wowerenga amadziwiratu kuti vuto lililonse lithetsedwa ndi matsenga. Makewana ankalipira: analibe banja lake ngati la akazi anzake, ndipo thupi lake linali ndi zoletsa. Mlembi asankhe mtengo umodzi womveka, kaya mayiyo amagontha tsiku lathunthu akamva mvula, kaya amaiwala nkhope ya mwana wake kwa kanthawi, ndipo auonetse msanga, nthano isanafike pakati. Aikenso malire: amamva mvula ya masiku atatu kutsogolo, osapitirira. Malirewo akaikidwa asawathyole pamapeto pofuna kumupulumutsa.

Chofooka chachikulu koposa ndi akazi ena. Mlembi waika mayi mmodzi wanzeru pakati pa akazi ogona tulo, ndipo izi zimanyoza akazi omwewo amene nthano ikufuna kuwakweza. Aliyense wodziwa mudzi akudziwa kuti mwambo susungidwa ndi amuna okha. Amene amalangiza namwali ndi anankungwi. Amene amayamba kunong'ona pachitsime kuti uje waswa mwambo ndipo mwana wake adwala mdulo ndi akazi anzake. Apongozi, mchemwali wamkulu, mkazi wa wansembe amene amadya za kukachisi, onsewa ali ndi chotaya mayiyu akapambana. Wina mwa iwo amubisire mbewu mumphika usiku, masana n'kumukana pabwalo. Pamenepo ndiye pali nthano, osati pa mkazi wosaopa kanthu amene anabadwa akudziwa kale zonse.

Palinso zing'onozing'ono zimene zimaulula mlembi wosasamala. Mayiyo wathamangitsidwa m'mudzi, akuyenda milungu iwiri m'tchire, ndipo sitiuzidwa chimene akudya. Munthu woyenda pansi ndi mwana kumbuyo akayenda makilomita 20 pa tsiku watopa kale. Madzi ndi olemera, ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, sangayende nawo ulendo, ndiye njira yake iyenera kutsata mtsinje kapena zitsime, ndipo zitsimezo zili ndi eni ake. Moto akuutenga kuti? Mchere? Mkazi woima payekha amaonekera pa zinthu zimenezi: ali ndi luso lotani loti adye nalo, kuumba mbiya, kuphika mchere wa chidulo, kuzamba. Wopanda luso amabwerera kwa omwe anamuthamangitsa, ngakhale alimbe mtima chotani.

Pomaliza pake nthanoyo yasanduka ulaliki. Mayi waima pabwalo n'kulankhula za ufulu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhani yonse, ansembe ali duu, kenako anthu aombera m'manja. Bwalo lenileni siliyenda choncho. Amamudula mawu, amafunsa kuti mwinimbumba wake ali kuti woti amulankhulire, amaimitsa mlandu mpaka mawa. Nthano yamawu 2,000, yokwana tsamba lanu, imanyamula mkangano umodzi wokha, anthu atatu kapena anayi, ndi mayina opeka osapitirira asanu. Mayiyo apambane ndi chochita, monga kubzala munda wake tsiku loletsedwa anthu akuona, osati ndi mawu ataliatali amene akumveka ngati a mlembi mwiniyo.

Zonsezi zinali pamaso pa wolemba ndemanga wanu, koma iye anasankha kufunsa ngati nthanoyo ili yololedwa. Funso limenelo tinakhala nalo nthawi yaitali m'dziko muno. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1973 kunabwera lina loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa kundende ya Mikuyu mu 1987 osazengedwa mlandu, n'kutuluka mu 1991. Mu Januwale 2012 akazi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha zovala, lamulo la zovala lija litachotsedwa kalekale. Lero gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wolankhula, ndipo gawo 33 limateteza ufulu wa chipembedzo ndi wa maganizo. Kachisi wa m'nthanoyi ndi wongopeka, palibe mpingo kapena mzikiti umene watchulidwa. Wokhulupirira amene chikhulupiriro chake chili ndi mizu sagwedezeka ndi wansembe wa dziko lomwe kulibe, ndipo Baibulo lenilenilo lili ndi Debora woweruza Israeli, ndi ana aakazi a Tselofekadi amene anaima pamaso pa Mose ndi wansembe Eleazara kufuna cholowa cha atate awo, n'kupatsidwa.

Ndiye taonani kuchepa kwa malo amene wolemba m'Chichewa ali nawo. Osindikiza mabuku amathamangira mabuku a sukulu chifukwa ndiwo ali ndi msika, ndipo wachinyamata wofuna kulemba za dziko longopeka m'chinenero chake alibe kwina koti apite kupatula tsamba ngati lanuli. Akalandira ndemanga yomuuza kuti maganizo ake ndi achilendo, amasiya kulemba kapena amathawira ku Chingerezi, kenako anthu omwewo n'kumadandaula kuti achinyamata sakonda Chichewa.

Perekani nthanoyo kwa wolemba ndemanga wina amene amawerenga nthano za mtundu umenewu, mufunse a bungwe la alembi la Malawi Writers Union ngati mulibe wanu, ndipo musindikize ndemanga yachiwiri pa tsamba lomwelo. Mlembiyo mumupatse mpata wokonza nthano yake n'kuitumizanso. Ndipo ndemanga iliyonse yonena kuti chinthu kulibe m'chikhalidwe chathu muziyamba mwaibweza kwa mwini wake kuti atchule kumene anafufuza.

Wowerenga wanu,
Zomba